Chidule cha Khutba ya Lachisanu: Mliri wa Chimfine ndi Abale Athu a ku Joni

Kuyamikidwa konse nkwa Allah (Subhanahu wa Ta'ala), amene adatipatsa thupi ndi mpweya ife tisanampemphe, amene matenda ndi machiritso zili m'manja Mwake. Madalitso ndi mtendere zikhale pa Mtumiki Wake Muhammad (S.A.W), pa akubanja kwake, pa Maswahaba ake, ndi pa onse owatsatira mwaubwino kufikira Tsiku Lachiweruzo.

Abale ndi alongo m'Chisilamu, tikudzilangiza ife eni, ndipo tikukulangizani inu, kuti timuope Allah poyera ndi mseri momwe.

KHUTBA YOYAMBA

Kuno kunyanja palibe mudzi umene ulibe mwana wake ku Joni. Kuyambira ku Makanjira kudzafika ku Malindi, kuchokera ku Namwera ndi ku Katuli mpaka ku Monkey Bay, nyumba zambiri za malata, mabwato a injini ndi fizi ya ana athu zidachokera m'thukuta la abale amene akugwira ntchito m'masitolo, m'nyumba za anthu ndi m'mashopu osokera zovala ku Johannesburg, ku Durban ndi ku Cape Town. Timasangalala katundu akafika. Koma tonse tidaonaponso galimoto ikufika pamudzi itanyamula bokosi m'malo mwa katundu. Nchifukwa chake lero tikambirana za matenda amene ambiri timawapeputsa, matenda a chimfine chachikulu chotchedwa fuluwenza, ndi zimene Msilamu wokhala kudziko la eni ayenera kuchita mliri wake ukabuka.

Fuluwenza ndi chiyani?

Tiyambe ndi kusiyanitsa. Chimfine wamba chimabwera pang'onopang'ono: mamina, kuyetsemula, pakhosi kukanda, koma munthu amatha kupita kunyanja kapena kumunda. Fuluwenza imagwetsa munthu mwadzidzidzi. Thupi limatentha kwambiri, mutu umawawa, m'thupi monse mumaphwanya, chifuwa chimakhala chouma, ndipo mphamvu zimatheratu. Imayamba ndi kachirombo kosaoneka ndi maso, kamene kamayenda m'timadontho ta malovu munthu akamatsokomola, akamayetsemula ngakhale akamayankhula, komanso kudzera m'manja amene agwira timadonthoto kenaka nkugwira mphuno, maso kapena pakamwa. Munthu akatenga kachiromboka amayamba kudwala pakapita tsiku limodzi mpaka masiku 4. Akhoza kupatsira ena kutatsala tsiku limodzi kuti ayambe kudzimva kudwala, nkupitiriza kutero kwa masiku 5 mpaka 7.

Ambiri amachira pakatha sabata imodzi kapena ziwiri. Koma mwa ena matendawa amatsikira m'mapapo nkusanduka chibayo. Amene ali pachiopsezo chachikulu ndi okalamba, ana osakwana zaka 5, amayi oyembekezera, ndi onse amene ali ndi matenda a shuga, a mtima, mphumu, chifuwa chachikulu kapena kachirombo ka HIV. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati chaka chilichonse fuluwenza imapha anthu pakati pa 290,000 ndi 650,000 padziko lapansi. M'dziko la South Africa mokha, akatswiri a kumeneko amawerengera kuti imapha anthu pakati pa 6,000 ndi 11,000 pachaka.

Nyengo yake kumeneko ndi yachisanu, makamaka kuyambira mwezi wa May mpaka August, nthawi yomweyo imene ife kuno timalimbana ndi mwera. Tisaiwale kuti Mangochi ili m'chigwa chofunda, mamita osakwana 500 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, pamene Johannesburg ili pamtunda wa mamita oposa 1,700, kumene usiku wa June ndi July madzi amatha kuundana panja. Mnyamata wokulira pamchenga wa ku Makawa akafika kumeneko amagona m'chipinda chimodzi ndi anzake asanu kapena asanu ndi mmodzi, mazenera onse atatsekedwa chifukwa cha kuzizira. M'chipinda chotere, mmodzi akadwala onse adwala.

Zimene zidachitikapo kale

Njira imene ana athu amadutsa ndi yomwenso miliri yakhala ikudutsa. M'chaka cha 1918, nkhondo yoyamba yapadziko lonse ikutha, fuluwenza idalowa m'dziko la South Africa kudzera pamadoko a Durban ndi Cape Town m'mwezi wa September. M'masabata ochepa chabe idapha anthu pafupifupi 300,000 m'dzikolo. Idatsata njanji ndi misewu, pamodzi ndi asilikali, amtengatenga ndi antchito a m'migodi obwerera kwawo, ndipo chakacho chisanathe idafika kuno, nthawi imene dziko lino linkatchedwa Nyasaland ndipo boma lathu linkatchedwa Fort Johnston. Padziko lonse akuti idapha anthu pafupifupi 50 miliyoni, kuposa amene adafa pankhondo ija.

M'chaka cha 2009 kudabuka fuluwenza ina ku Mexico ndi ku America, imene anthu adaitcha chimfine cha nkhumba. Pa 11 June chaka chimenecho bungwe la WHO lidalengeza kuti ndi mliri wa dziko lonse, ndipo mwezi womwewo idapezeka ku South Africa, kumene anthu oposa 12,000 adatsimikizika kuti adaitenga, oposa 90 nkumwalira. Ambiri mwa omwalirawo adali amayi oyembekezera ndi anthu amene adali kale ndi matenda ena. Dzina lakelo likhoza kumnyenga Msilamu kuti aganize kuti poti ife sitidya nkhumba ndiye kuti matendawo satikhudza. Sizili choncho. Matendawo sankabwera chifukwa cha chakudya, koma ankachoka kwa munthu kupita kwa munthu kudzera m'mpweya. Mliriwo udalengezedwa kuti watha mu August 2010, koma kachirombo kake kadakalipo pakati pa tizirombo ta fuluwenza ya chaka ndi chaka.

Za Covid-19 tonse tidaziona ndi maso. Siidali fuluwenza, koma inkafala mofananamo. Dziko la South Africa lidatseka ntchito ndi maulendo kumapeto kwa March 2020, abale athu ambiri ganyu nkuwathera tsiku limodzi, alibe chakudya chosungira ngakhale ndalama ya lendi. Kuno odwala oyamba adalengezedwa pa 2 April 2020. M'mwezi wa May mabasi adayamba kubweretsa abale athu kudzera pachipata cha Mwanza, ndipo mazana a iwo adachoka pabwalo la Kamuzu ku Blantyre, pamene adawasunga, zotsatira za kuyezedwa kwawo zisanatuluke. Pa 12 January 2021 dziko lidataya nduna ziwiri tsiku limodzi, Sidik Mia ndi Lingson Belekanyama. Ngakhale Hajj ya chaka cha 2020 idachitika ndi anthu ochepa chabe okhala m'dziko la Saudi Arabia momwemo. Sitikukumbutsa izi kuti tiloze chala munthu. Tikukumbutsa kuti matenda sapempha pasipoti pachipata, ndipo sayang'ana ulemerero wa munthu.

Kodi kupewa nkuchepa kwa chikhulupiriro?

Alipo pakati pathu amene amati, ngati Allah adalemba kuti ndidwala ndidwala basi, nanga ndidzivutitsirenji? Timakhulupirira ndithu Qadar, chikonzero cha Allah, ndipo ndi imodzi mwa nsanamira za Imaan. Koma tiyeni tione mmene Maswahaba, amene adaphunzira Chisilamu pamapazi a Mtumiki (S.A.W), adachimvetsera.

M'nthawi ya ukhalifa wa Umar ibn al-Khattab (R.A), cha m'chaka cha 18 cha Hijra, kudziko la Sham kudagwa mliri wotchedwa wa Amwas. Umar adali paulendo wopita kumeneko, ndipo atafika pamalo otchedwa Sargh adamva za mliriwo. Adafunsa maganizo a Maswahaba, kenaka adaganiza zobwerera ku Madina. Abu Ubaydah ibn al-Jarrah (R.A) adamufunsa ngati kuteroko sikudali kuthawa chikonzero cha Allah. Umar adamuyankha ndi fanizo la mbusa wofika ndi ngamila zake pachigwa chimene mbali ina ili ndi msipu, ina ndi youma. Kulikonse kumene angadyetse, adyetsa mwa chikonzero cha Allah, koma wanzeru asankha kwa msipu. Pambuyo pake Abdur-Rahman ibn Awf (R.A) adafika nkuwauza kuti adamva Mtumiki (S.A.W) akuletsa anthu kulowa m'dera limene muli mliri, ndi kuletsanso amene ali m'deralo kutulukamo mouthawa. Umar adayamika Allah nabwerera. Mliriwo udatenga Abu Ubaydah ndi Mu'adh ibn Jabal (R.A) pamodzi ndi Asilamu zikwizikwi. Mabuku a mbiri amanenanso kuti Amr ibn al-As (R.A) atatenga utsogoleri adalamula anthu kuti abalalikire kumapiri m'malo mounjikana, ndipo mliri udazirala.

Ife a kunyanja sitiyenera kuvutika kumvetsa zimenezi. Palibe msodzi wanzeru amene amakankhira bwato lobowoka m'madzi mwera ukuwomba, nkumati imfa ndi ya Allah. Amamata bwato, amayang'ana kumwamba, amadikira nyanja idekhe, kenaka amatchula dzina la Allah nkupalasa. Mtumiki (S.A.W) adalangiza munthu wina kuti ayambe wamanga ngamila yake, kenaka ayadzamire mwa Allah. Tawakkul ndi imeneyo. Thupi ili ndi amaana, chinthu chimene tidasungitsidwa, ndipo tidzafunsidwa mmene tidalisamalira.

Tikunena mawu athu awa, ndipo tikupempha chikhululuko kwa Allah pa ife ndi pa inu. Mpempheni chikhululuko, pakuti Iye ndi Wokhululuka kwambiri.

KHUTBA YACHIWIRI

Kuyamikidwa nkwa Allah, ndipo madalitso ndi mtendere zikhale pa Mtumiki Wake. Akapolo a Allah, tsopano tifike pa zochita. Malangizo awa tiwatumize kwa ana athu pafoni, ndipo amene akukonzekera ulendo awasunge.

Choyamba, kukonzekera chisanu chisanafike. Katemera wa fuluwenza amapezeka ku South Africa m'zipatala ndi m'masitolo ogulitsa mankhwala kuyambira cha mu March ndi April. Amabayitsa chaka chilichonse chifukwa kachiromboka kamasinthasintha, ndipo pamatenga pafupifupi masabata awiri kuti thupi lipange chitetezo. Katemera saletsa matenda mwa aliyense, koma amachepetsa kudwala kwakayakaya. Amayi oyembekezera, achikulire ndi odwala matenda okhalitsa akhale patsogolo. Maulama ambiri amagwirizana kuti jakisoni wa mtundu umenewu samasula swaumu. Pamodzi ndi katemera, m'chipinda mukhale bulangete lokwanira, sopo, panado, ufa, nyemba, shuga ndi mchere zokwana sabata imodzi kapena ziwiri, ndi kandalama kosakhudzidwa. Amene amamwa ma ARV, mankhwala a shuga, a kuthamanga kwa magazi kapena a chifuwa chachikulu asadikire kuti botolo lithe, ndipo buku lawo lakuchipatala aliyike pamodzi ndi pasipoti.

Chachiwiri, ukhondo. Allah adatipatsa wudhu, mmene timasamba m'manja, kuchukucha m'kamwa ndi kutsuka m'mphuno kangapo patsiku. Tionjezerepo sopo tikachoka ku ntchito, tikatsika takisi, ndi tisanadye. Tileke kusamba m'manja tonse m'beseni limodzi, koma tizithirirana madzi. Kapu imodzi yomwera jamaa yonse ndi thaulo limodzi lopukutira anthu onse pamalo a wudhu zichotsedwe nthawi ya mliri. Zidanenedwa kuti Mtumiki (S.A.W) akamayetsemula ankaphimba nkhope yake ndi dzanja kapena nsalu, natsitsa mawu ake. Sunnah imeneyi tiigwiritse: tiyetsemulire m'kansalu kapena m'kati mwa chigongono, kenaka tisambe m'manja.

Chachitatu, mpweya wa m'chipinda. Zenera litsegulidwe pang'ono ngakhale kukuzizira. Ndipo tichenjere ndi mbaula. Makala oyaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wapoizoni wopanda fungo, umene umapha anthu ali m'tulo. Chisanu chilichonse kumwerako anthu amafa imfa imeneyi. Mbaula ituluke panja anthu asanagone.

Chachinayi, tikadwala tisabise. Akuluakulu adati mbewa yamanyazi idafera kuuna. Tikudziwa kuti waganyu akajomba tsiku limodzi malipiro amadulidwa, ndipo ena amaopa kupita kuchipatala chifukwa mapepala awo adatha. Koma kupita ku ntchito thupi likutentha nkudzivulaza ndi kuvulaza ena. Wodwala agone, amwe madzi ambiri, phala ndi tiyi, amwe panado motsatira malangizo a papaketi, ndipo avale chophimba pakamwa ndi pamphuno akakhala pafupi ndi anzake. Ana asapatsidwe asipirini. Makapusozi ogula pamsewu sapha kachirombo ka fuluwenza, pakuti ntchito yawo ndi ya matenda ena, ndipo ndi adokotala okha oyenera kunena ngati akufunika. Alipo mankhwala olimbana ndi fuluwenza yeniyeniyo, otchedwa oseltamivir, amene adokotala amapereka kwa odwala amene ali pachiopsezo, ndipo amathandiza kwambiri akayambidwa m'masiku awiri oyambirira. Choncho woyembekezera, wachikulire ndi wodwala matenda okhalitsa asachedwe kunyumba.

Zizindikiro izi zikaoneka, wodwala athamangitsidwe kuchipatala nthawi yomweyo: kubanika kapena kupuma mothamanga, kupweteka pachifuwa, milomo kusintha mtundu, kusokonezeka mutu, kukomoka, kulephera kumwa kapena kuyamwa, ndiponso kutentha thupi kumene kudaleka nkuyambiranso mwamphamvu. Ku South Africa ambulansi imaitanidwa pa 10177, kapena pa 112 pafoni ya m'manja. Gawo 27 la malamulo aakulu a dzikolo limanena kuti munthu aliyense asakanizidwe chithandizo chamwadzidzidzi. Nzoona kuti alendo nthawi zina amavutitsidwa pazipata za zipatala, choncho wodwala asapite yekha, koma aperekezedwe ndi m'bale wodziwa chiyankhulo ndi njira za kumeneko.

Chachisanu, ndipo ichi nchathu makamaka ife a kunyanja: si kutentha thupi kulikonse kumene kuli fuluwenza. Malungo amayamba chimodzimodzi, ndi mutu, kuzizidwa ndi kuphwanya m'thupi. Munthu akhoza kulumidwa ndi udzudzu ku Lungwena, nkukwera basi ali bwinobwino, malungo nkukamugwetsa ku Mayfair patapita sabata imodzi mpaka mwezi. Ku Johannesburg malungo safala, choncho wachipatala akhoza kuganiza za chimfine ngati wodwala sanena kumene wachokera. Aliyense amene wangochoka kumudzi nkuyamba kutentha thupi anene msanga kuti wachokera ku Malawi, ndipo apemphe kuyezedwa malungo tsiku lomwelo. Chimodzimodzinso chifuwa chopitirira masabata awiri, chotsagana ndi kuonda ndi thukuta la usiku, chikayezedwe ngati sichili chifuwa chachikulu.

Chachisanu ndi chimodzi, za mzikiti ndi swaumu. Maulama amagwirizana kuti wodwala ali ndi chilolezo chosapita ku Jumu'ah ndi ku swala za jamaa. Mtumiki (S.A.W) adaletsa munthu amene wadya adyo wamuwisi kuyandikira mzikiti kuopa kuvutitsa anzake ndi fungo. Nanga kuli bwanji wobwera ndi matenda pamzere pamene paima nkhalamba? Aswalire kunyumba, ndipo malipiro ake kwa Allah sachepa. M'mwezi wa Ramadhan wodwala waloledwa kumasula nkudzabweza masikuwo akachira, monga zilili mu Surah Al-Baqarah, ndime 184 ndi 185. Kukana chilolezo cha Allah mpaka kudziononga si kumuopa Allah.

Chachisanu ndi chiwiri, za ulendo. Mtima wa munthu akadwala kutali umalakalaka kwawo, ndipo ambiri amati bola ndikadwalire kumudzi. Koma taganizirani ulendo wa pafupifupi masiku awiri m'basi yotseka mazenera, kudutsa Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza kapena Dedza. Wodwalayo amafooka panjira kutali ndi chipatala, amapatsira okwera nawo, ndipo pofika amakumbatira mayi ake okalamba. Nzeru ya chiletso chimene Abdur-Rahman ibn Awf adafotokoza ija ili pamenepa. Tiyembekeze kuchira, kenaka tinyamuke. Ndipo wobwera kuchokera kumene kuli mliri adzipatule masiku angapo, alandire malonje chapatali, asanayambe kuyendera abale.

Mawu kwa ife otsala kumudzi

Nkhaniyi si ya apaulendo okha. Kangati timaimba foni osafunsa nkomwe za moyo, koma kungoyamba ndi feteleza, malata ndi ndalama ya chinkhoswe? Mwana amene akudziwa kuti kumudzi akudikira ndalama ya mwezi uno amadzuka ndi thupi lotentha nkupita ku ntchito. Tiyeni tiwamasule ana athu. Tiwauze kuti ndalama ikhoza kudikira mwezi wa mawa. Ndalama imene banja limasonkha kuti thupi libwere kuchokera ku Joni ndi yochuluka kutalitali kuposa malipiro a masiku asanu amene akadapumula.

Kwa abale amene muli kumeneko, mutu umodzi susenza denga. Monga mmene mumasonkherana maliro akagwa, sonkheranani munthu akadali moyo. Pakhale thumba la odwala, la chakudya, lendi ndi galimoto yopitira kuchipatala. Kuzonda wodwala ndi limodzi mwa maufulu a Msilamu pa Msilamu mnzake, ndipo nthawi ya mliri kumatheka mwa kumusiyira chakudya pakhomo, kumuimbira foni m'mawa ndi madzulo, ndi kumuchitira dua. Chifundo chimenechi chifikenso kwa mnansi amene si Msilamu, ngakhale amene si Mmalawi. Aliyense apereke kwa mnzake wokhala naye nambala ya m'bale wake wa kumudzi, kuti pakachitika kanthu uthenga usasowe kolowera.

Tikachita zonsezi matenda nkutipezabe, tipirire. Tidaphunzitsidwa kuti palibe kutopa, kudwala ngakhale kubayidwa ndi munga kumene kumampeza wokhulupirira popanda Allah kumufafanizira nako machimo. Koma kupirira kumeneko nkwa munthu amene adamanga ngamila yake.

E Allah, atetezeni ana athu amene ali kudziko la eni, muwapatse riziki la halaal, ndipo muwabweze kwa makolo awo ali amoyo. E Allah, chiritsani odwala athu, chitirani chifundo akufa athu amene adaikidwa kuno ndi amene adaikidwa kutali, ndipo tchinjirizani dziko lathu la Malawi ndi maiko oyandikana nalo ku miliri. Ameen.

Imirirani tiswali, Allah akuchitireni chifundo.